Nkhope ya Asewere, Mbina Yanga

Chilape! Musangoti duu inu owerenga, yankhani kuti nachize. Kanthu kanga aka: kali ndi diso limodzi losaphethira, sikadya, sikamwa, koma kakaona munthu akuchita zake sikaiwala, ndipo kamadzaulula ngakhale pamaso pa mkamwini. N'chiyani? Mwalephera? Ndibaireni nkhuku yonenepa, yankho mulipeza kutsogoloku.

Ine ndine Eneles, azakhali a Reuben ndi mlongo wake Pauline. Anawa ndinawalera ndine bambo awo atatisiya. Sukulu ndinalekera panjira, tsiku lomwe aphunzitsi anandifunsa likulu la Kenya, ine n'kuyankha kuti sindinapiteko. Anandikwapula. Akanakhala moyo aphunzitsi aja bwenzi nditawaimbira foni, chifukwa lero ndikukhala momwemo mu Nairobi, ku Kasarani, m'nyumba yosanja. Reuben amagwira ntchito kubungwe lina ku Upper Hill. Anandiitana kuti ndidzaone khanda, ine n'kukhazikika.

Mkazi wa Reuben ndi Lenah, mwana wabwino. Vuto ndi amayi ake, a Getrude, asewere anga. Iwo amakhala kwa mwana wawo wamwamuna ku Muthaiga, kumene agalu ali ndi dokotala wawowawo. Matatu, minibasi za kuno, sanakwerepo; boda boda, njinga yamoto ya kabaza, amangoiona pawindo. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi amabwera kwathu pagalimoto, magalasi ali pamphuno, kununkhira ngati sitolo ya sopo. Akakhala pampando nkhani imakhala imodzi: ndege. "Pamene ndinali m'ndege ya ku Cape Town chaka chatha, popita kukapimitsa mawondo..." Ine ndege ndinakwera kamodzi, ndipo ulendo wonse ndinatsinzina.

Nsanje ndinali nayo, sindikana, koma inali yogona. Anaidzutsa ndi Pauline.

Pauline amajambula mafilimu. Ndalama amapezera mavidiyo a maukwati: anthu amamutumizira zojambula zawo, iye n'kudula, kulumikiza, kuika nyimbo. Koma mtima wake unali pa filimu yakeyake, ya chinkhoswe cha Amalawi a kuno ku Nairobi. Mufilimumo munkafunika gogo mmodzi woti alangize akwati akuyang'ana mu kamera, akatha adzuke avine. Nditamva, ndinayamba kuyeserera pagalasi la kubafa. Ndani angalangize kuposa ine, amene ndinakwatiwa kawiri n'kuphunzira zonse ziwiri, kukhala ndi kuchoka?

Tsiku lina Pauline anabwera akusisita m'manja.

"Azakhali, musakhumudwe. Gogo uja akhala amayi a Lenah."

"Chifukwa?"

"Nkhope yawo imagwira bwino kuwala. Komanso magalasi aja..."

"Magalasi ndingabwereke."

"Koma inunso muli ndi mbali yanu. Iwo akana kuvina. Akuti mawondo, komanso akuti mayi wa mapemphero sagwedeza chiuno pagulu. Ndiye polankhula tijambula iwowo. Pofika povina muvala nsalu yofanana ndi yawo, duku lofanana, ine ndijambula chakumbuyo. Oonera aziyesa munthu mmodzi. M'mafilimu timatero."

Ndinamuyang'ana mwana amene ndinamutafunira chakudya ali khanda.

"Iwe Pauline, ukuti nkhope ya asewere, mbina yanga?"

"Si choncho, azakhali..."

"Ndi choncho. Anthu kumudzi adzati, taonani a Getrude kuvina! Ine thukuta, iwo kutchuka."

Sabata imeneyo chakudya sichinkatsika. Ndinkangokhala pabalaza kusewera gemu ya Reuben, ija ya galimoto zothamanga pa TV. Anandiphunzitsa yekha. Umagwira kachipangizo ka mabatani m'manja, galimoto n'kumamvera zala zako. Yanga imagunda zipupa ngati matatu a pa Thika Road, koma palibe wapolisi wondiimitsa. Makina a gemuwo amaonetsanso mavidiyo ukabayamo kafulashi, ndipo ndi mmene ndimaonerera makwaya a kwathu.

Lachinayi masana ndinalowa kuchipinda chomwe timagona ndi Pauline kukatenga mafuta odzola. Iye anali pakompyuta, zomvera zili m'makutu, akuseka yekha. Ndinasuzumira paphewa pake. Mafuta aja anagwa pansi.

"Iwe! Si asewere awa?"

Pauline anatseka kompyuta msanga. "Azakhali, simunaone kanthu. Ndi vidiyo ya Morris. Wandituma ndiikonze, ndipo akuti ndiwapatse amayi ake m'manja, paokha."

Morris ndi mwana wa malemu mng'ono wawo wa a Getrude, ndipo anamulera okha kuyambira ali wakhanda. Chaka chatha anamanga ukwati ndi mwamuna mnzake ku Cape Town, kumene malamulo amalola zotero. Pabanja tonse tinkadziwa, koma inali nkhani yonong'onezana kukhitchini.

"Sindinaone kanthu, mwanawe," ndinatero. "Maso anga ndi okalamba."

Maso okalambawo anaona bwinobwino pomwe anaika kafulashi kofiira: m'kapu ya mabulashi, pawindo.

Lamulungu asewere anafika ndi mnzawo wa kugulu la amayi a mapemphero, mayi Consolata. Anatipeza ine ndi Reuben tili pa mpikisano wa galimoto. Reuben, monga mkamwini waulemu, anadzuka msanga, kupereka mpando, n'kukakhala pakona kutali ndi apongozi ake. Awiriwa salankhulana mwachindunji. Mawu awo amadzera mwa Lenah ngati katundu wodutsa pa chipata cha m'malire.

"Lenah," anayamba asewere, "uwafunse bambo a kunyumba kuno ngati munthu wa ndevu, wa ofesi ku Upper Hill, amayenera kuthamangitsa tigalimoto ta m'galasi."

"Lenah, uwauze amayi kuti zimapumitsa ubongo," anayankha Reuben akuyang'ana pansi.

"Uwauze kuti ubongo umapuma ndi Masalimo."

"Asewere," ndinalowererapo, "gemu ndi bawo basi. Kusiyana kwake n'koti apa sungabise njere m'chikhatho."

"Inu ndiye musanene. Gogo wathunthu kumakuwa kuti pita, pita, ngati kondakitala. N'chifukwa chake mwanayu anasankha ine pa filimu. Filimu imafuna munthu wa ulemu wake." Anatembenukira kwa mnzawo. "Mayi Consolata, mwamva? Ndikhala mu filimu. Nkhope yanga idzaoneka mpaka ku Ulaya."

"Mafilimu a masiku ano ine ayi," anatero mayi Consolata akupuliza tiyi. "Kungopsompsonana ndi kuwomberana. Koma poti mulimo inu, tidzaonera. Muvinanso?"

"Ine? Kuvina? Ndinasiya ndili mtsikana. Zovinavina tawasiyira asewere angawa, kamera ikawajambula kumsana."

Anaseka. Mayi Consolata anaseka nawo.

"Kodi asewere," ndinafunsa mokoma, "Morris ali bwanji ndi mwamuna wake uja?"

Supuni ya Lenah inaima m'kapu.

"Ali bwino," Lenah ndiye anayankha. "Ndipo amandiimbira foni kuposa achimwene anga enieni. Ine bola akukondana."

"Ine sindizimvetsa," anatero Reuben, "koma mpira amautsata bwino mnyamata uja. Timacheza."

"Mpingo umakana," anatero mayi Consolata. "Kwathu n'zosamveka n'komwe. Nanga pachinkhoswe, tambala alandira ndani, msoti alandira ndani? Inu mayi Eneles mukuti bwanji?"

"Ine ukwati umene sindinadyeko mpunga sindiuweruza. Chondiwawa n'choti sanandiitane."

Apa asewere anaika kapu pansi, kukonza magalasi, n'kutukula phazi limodzi kuti tonse tilione.

"Phazi ili, mayi Consolata, silingaponde malo otero. Ine ndinali mumzinda momwemo sabata imeneyo, kuchipatala cha mawondo. Anandichonderera, kulira pafoni, kunditumizira galimoto. Ndinati ayi! Ndinatseka chitseko n'kugwada, mawondo owawa omwewa, kupemphera tsiku lonse. Anthu ena akangomva fungo la mpunga amathamanga. Ine ndine thanthwe."

"Amen," anatero mayi Consolata.

Pauline anali ataima pakhomo la kukhitchini, maso ali kudenga.

"Zoona, ndinu thanthwe," ndinatero. "Reuben, tandipatsa kachipangizoko, ndiwaonetse asewere mmene ndimakhotera pakona."

Kafulashi kofiira ndinali nditakabaya kale m'makina m'mamawa. Ndinadina kumanzere, kudina pansi, monga ndimachitira pofuna makwaya.

Pa TV panaoneka tenti yoyera, kumbuyo kwake phiri lalikulu lopanda nsonga. Morris ndi mnzake anaima kutsogolo, masuti ofanana, atagwirizira lichero la perekaniperekani. Nyimbo ya kwathu inalira. Azungu ndi anthu a kumeneko anangoima m'mbali, osadziwa chochita. Kenaka kunamveka nthungululu yoboola makutu, ndipo pakati pa bwalo panatulukira mayi wa nsalu yobiriwira, magalasi ali pamphuno.

Yankho la chilape chija ndi limeneli: kamera. Abale inu, ndaonapo kuvina. Ine ndemwe ndinavinapo mpaka mafumu kuiwala milandu. Koma izi! Mayiyo anaponya ndalama m'lichero, kuzungulira, kumanga nsalu m'chiuno, n'kuyamba kutsika. Kutsika, kutsika, mpaka mawondo aja, omwe aja a kuchipatala, anatsala pang'ono kupsompsona udzu. Anakweranso osagwira pena paliponse. Anakoka mzungu wina wamtali ngati mlongoti n'kumamuphunzitsa kudula chiuno. Nsanje yanga, m'malo mochepa, inawonjezeka.

"Azakhali!" anakuwa Pauline.

"Pepani, ndadina polakwika. Sukulu ndinalekera panjira."

Asewere anaimirira, chikwama chili kukhwapa.

"Zamafilimu izi! Bodza! Pauline, si iwe unanena kuti mumatenga nkhope ya wina n'kuika pa thupi la wina? Mayi Consolata, musakhulupirire. Mutuwo ndi wanga, koma thupilo ndi la a Eneles!"

"Asewere," ndinatero, "ndikanakhala ndi chiuno chimenecho, ndikanakwatiwa kanayi."

Asanayankhe, nyimbo pa TV inaduka. Mayi wa nsalu yobiriwira analanda maikolofoni kwa woyendetsa mwambo, akupuma wefuwefu.

"Ine ndine Getrude, mayi ake a Morris, ndachokera ku Muthaiga, Nairobi. Mwana uyu ndinamubereka kumsana kuno. Zambiri sindizimvetsa, koma mwana wanga sangakhale pa tsiku lake ngati wamasiye ine ndili moyo. Ndipo iwe," analoza mnzake wa Morris, "ukamuzunza, ndege ndimaidziwa. Woimba, bwezera nyimbo ija!"

Lenah anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Tonse tinayang'ana mayi Consolata, kudikira ulaliki. Iwo anamwa tiyi pang'ono, kuika kapu pansi, n'kusisita bondo lawo.

"Mayi Getrude, za ukwatiwo tidzakambirana kugulu Lachinayi. Koma chipatala chimenechi mundilozere. Anga mawondowa avuta zaka zambiri."

Reuben ndiye anayamba. Mkamwini saseka apongozi pamaso, ndiye anadziluma mlomo, kutsokomola, kenaka anathawira pakhonde n'kutseka chitseko chagalasi. Tinkamuona ali chogwada, mapewa akugwedezeka, mpaka anyamata a boda boda pansi anayamba kuloza m'mwamba. Lenah anagwera pa mpando. Mayi Consolata misozi ili chuchuchu, akumenya ntchafu.

Pauline nayenso anagonja n'kuseka, ndipo atapeza mpweya anati, "Basi, filimu yanga yakonzeka. Ndinasankha mozondoka. Azakhali, malangizo mulankhula ndinu, nkhope yanu, kamera kutsogolo. Povina, amayi, tikujambulani inuyo chakumbuyo. Palibe wa kumpingo adzakuzindikireni."

"Magalasi mundibwereke, asewere," ndinatero. "Nsalu yobiriwira ija mubwere nazo ziwiri."

Asewere anakhala pansi pang'onopang'ono, kukonza duku, kukweza chibwano ngati akadali m'ndege.

"Lenah, uwauze bambo ali pakhondewo asiye kuseka. Ndi dokotala amene anandilamula kuti ndiziwongola miyendo."

Lenah anatsegula chitseko kuti apereke uthengawo, koma pa TV nyimbo inali itabwerezedwa, ndipo thanthwe lija linayambanso kutsika.