Mchere wa Kaitano

Kaitano ankalembera anthu makalata pa Chiromo, ndipo dzanja lake silinkadziwa kuima. Mayi akangoti, "Muwauze a ku Halalewo kuti mbuzi yafa," iye ankadzaza masamba atatu, mbuziyo n'kudzafa patsamba lomaliza.

Koma mkulu wa zolembayu sadaphunzitse mwana wake yekhayo, Emelia, kuwerenga. Ankati mawa. Tsono mawalo lidafika Emelia akukwatiwa kutali, kudziko la Apwitikizi, ndipo bwato lomutenga linali loti linyamuka Loweruka. Kaitano ankamukonda mwanayu koopsa, koma anali asanamuuzepo, ndipo kalata ikadangokhala chakudya cha chiswe. Adaganiza zopeka ndakatulo, mawu ochepa oti mwana anyamule pamutu.

Lolemba adawerengera mkazi wake, Helena, amene ankaphika mchere kuseri kwa nyumba. Mayiyu ankatcheza dothi la kudambo, madzi ake n'kuwawiritsa tsiku lonse mpaka patsale mchere wodzaza dzanja limodzi.

"Choyamba, ndili ndi ulemu kukudziwitsa, iwe Emelia, kuti ine sindikufuna kuti upite, koma popeza mwambo ndi mwambo..."

Helena adamvetsera masamba anayi onse akusonkhezera moto.

"Amenewo ndi madzi, bambo a Emelia," adatero. "Ikani pamoto, aphwe."

Kaitano adapsa mtima, chifukwa ngakhale Mzungu wa ku boma anali asanamukonzepo chilembo. Komabe adakakhala pansi pa mtondo n'kuyamba kudula. Lachiwiri adachotsa "choyamba" ndi ulemu wonse. Lachitatu adachotsa malangizo a kagwadiridwe pamaso pa apongozi, ndipo zidamupweteka ngati akuzula dzino. Lachinayi adawerenganso tsamba limodzi lotsalalo.

"Akadali madzi," adatero Helena osacheuka n'komwe.

Apa kudula kudamukomera munthu. Lachisanu sadafunsenso wina aliyense. Helena akadamuuza kuti wophika mchere sachoka pamoto madzi akatsala pang'ono, poti mphika umapserera nthawi yomweyo, koma tsikulo iye anali kalikiliki kumangira mwana katundu.

Loweruka m'mawa anthu adadzaza padoko. Emelia atakhala kale m'bwato, Kaitano adaima pamtunda, adatsokomola, n'kufunyulula pepala. Padatsala mawu awiri okha, ndipo kwa mwini wake ankamveka bwinobwino, poti zotsalazo ankazidziwa.

"Emelia, sindikufuna."

Emelia adayang'ana bambo ake, kudikira kuti apitirize. Kaitano adapinda pepala.

"Ndamva, baba," adatero mwanayo, n'kuweramitsa mutu. Wopalasa adakankha bwato.

Helena adamugwira mwamuna wake pamkono. "Mwamva chimene mwanena? Mwamuuza mwana kuti simukumufuna."

Kaitano adaima kanthawi, milomo ikubwereza mawuwo. Kenaka munthu amene sadathamangepo chikwatirire adaliyatsa liwiro m'mbali mwa Shire, akupyola m'mabango, chipewa chitagwa, kukabweza mawu amene adadula. Bwato linali litalowa kale m'madzi othamanga.

"Kuti upite!" adakuwa. "Ndimati kuti upite!"

Mphepo ya pamtsinje nayo idadulako. Emelia adadzutsa mutu, adamva liwu lomaliza lokha, ndipo adagwedeza mutu kuvomera, monga mwana woleredwa bwino.