Kabowo ka M'mbali mwa Chimpope

Mwina munamvako kale, chifukwa nkhaniyi inafika mpaka ku msika wa Chilinde. Akuti a Mhango, inde a Josiah Mhango omwe aja, mkulu wa mpingo, aphunzitsi opuma ntchito amene amavala jekete ngakhale kutenthe bwanji, amasuzumira azimayi m'mabafa. Akuti ali ndi chimpope choyera chokoka zinthu zakutali, ndiye dzuwa likangolowa amachiimika pa bwalo la kuseri kwa tchalitchi n'kumaonera ulere. Anthu sankanena mokweza ayi. Ankanong'onezana pa kiyosiki ya madzi, ku chigayo, m'minibasi zobwera ku Area 23 kuno, ndipo aliyense ankamaliza ndi mawu akuti, "Koma usanene kuti wamva kwa ine."

Ineyo sindinamve kwa munthu. Ndinayambitsa ndine.

Dikirani kaye musanandikalipire. Dzina langa ndi Chisankho, ndili Sitandade 8, ndipo amayi anga amati pakamwa panga panayamba kubadwa, ine n'kubwera pambuyo. Sindinkafuna kuipitsa munthu. Zinangochitika basi.

A Mhango ali ndi kagulu kawo, amati Gulu Lopenya Nyenyezi. Alipo anthu asanu ndi awiri, koma amene sajomba ndi iwowo ndi Anti Edna, omwe amagwira ntchito pa sitolo ya mankhwala mu tauni. Amakumana Lachisanu lililonse dzuwa likamalowa. Bwalolo amasesa okha, amatola mapepala ndi mabotolo, kenako amaika ana pa mzere kuti aliyense aoneko kumwamba. Nthawi zina amapita m'masukulu masana, kukaonetsa dzuwa pa katoni. Chaka chatha ngakhale Asilamu a ku mzikiti wa kumtunda anabwera kudzafunafuna nawo mwezi watsopano. Ndipo magetsi akazima, Area 23 yonse ikamafuula kuti "Aaaa!" iwo okha amaomba m'manja, ati mdima ndiye wabwino. Nanga anthu otere simungawakayikire?

Tsono chimpope chawocho, chomwe iwo amati telesikopu, n'chachitali ngati ine ndipo chimakhala pa bokosi lamatabwa, kukamwa kwake kutaloza kumwamba. Munthu ungaganize kuti woonayo azigwada kumapeto kwake n'kumayang'ana komwe chalozako. Ayi ndithu. Pali kabowo kakang'ono m'mbali, chakumtunda, ndipo diso amaliika pamenepo. Ndiye chimpope chimayang'ana kumwamba, koma nkhope ya munthu imayang'ana cham'mbali. Ndipo cham'mbali kumeneko, mukangodutsa kamsewu, kuli bafa la Amake Sungeni, lanjerwa zosapaka, lopanda denga ngati mabafa athu onse.

Ndinaona a Mhango atawerama pa kabowoko ndikuchokera kogula makala. M'mawa mwake pa kiyosiki mzere unali wautali, anthu ali duu, ndiye ndinangoti, "Koma mwaona? Mpope wayang'ana kwa Mulungu, nkhope ya a Mhango yayang'ana kwa Amake Sungeni." Azimayi anaseka mpaka wina anataya madzi. Ndisaname, ndinamva kukoma. Ndinabwerezanso kawiri.

Patapita masiku atatu nkhani ija inabwerera kwa ine itanenepa. Akuti chimpope chimaona ngakhale kudutsa khoma. Akuti chimajambula. Akuti akazi awo a Mhango anamwalira ndi mtima chifukwa cha zomwezo. Makolo analetsa ana kupita ku bwalo. Lamulungu m'tchalitchi, benchi ya a Mhango inali ndi malo ambiri, pamene anthu ena anaimirira kumbuyo.

Amake Sungeni si munthu womuputa. Kwawo ndi ku Mulanje, amagulitsa zitumbuwa pa siteji, ndipo ndi wapampando wa amayi a mpingo m'dera lathu. Amuna awo anapita ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, anaimba foni chaka choyamba, kenako zii. Atamva nkhaniyi anayamba kusambira m'nyumba, m'beseni, makatani atatseka.

Lachisanu madzulo anandiitana.

"Iwe Chisankho, akuti umalemba bwino. Khala apa. Tenga cholembera."

Anandiuza mawu, ine n'kumalemba. Inali kalata yopita kwa abusa. Gulu lija lichotsedwe pa bwalo la tchalitchi. A Mhango atule pansi udindo wa ukulu wa mpingo. Akuluakulu akakumana Lamulungu aiwerenge pamaso pa onse. Dzanja langa linkatuluka thukuta mpaka inki inafalikira pa mawu akuti "manyazi." Ndinkafuna kunena kuti, amayi, zinali zongocheza. Pakamwa pomwe paja, posatseka paja, panakana kutseguka.

Anaipinda kanayi, n'kuimanga pa mfundo ya chitenje. "Tiye undiperekeze kwa abusa. Mwina andifunsa zomwe zalembedwamo."

Njira za kunyumba ya abusa zilipo ziwiri. Ine ndinatsogola, n'kusankha yodutsa pa bwalo. Ndinati ina ija akukumba ngalande. Sankakumba chilichonse.

Dzuwa linali litangolowa kumene, la mu Seputembala lija lofiira ngati khala la moto, fumbi lili lende pamwamba pa malata. Tikufika pa bwalo magetsi anathima. Wailesi za m'mashopu zinadukiza nyimbo pakati, ana anakuwa kutali, kenako kunangoti bata. Pa bwalo panali anthu awiri okha: a Mhango akutsitsa chimpope mu wilibala, atachifunditsa bulangete ngati wodwala, ndi Anti Edna atagwira bokosi. Palibe anaomba m'manja tsiku limenelo.

"Mwaswera bwanji, mama?" anatero a Mhango, akuvula chipewa. Kenako kwa ine, "Mama Chisankho, anzako ali kuti? Lero kumwamba kwayera bwino, koma ana sanabwere."

Amake Sungeni anaima, manja m'chiuno.

"Abambo, ine sindizungulira. N'chiyani chimene munataya ku bafa kwanga?"

A Mhango anangogwira chipewa chija ndi manja awiri n'kumachitembenuza. Ndinaona kuti nkhaniyi ankaidziwa kale, ndipo inali itawakalambitsa.

Anti Edna ndiye sanachedwe. "Amayi, bwerani muike diso lanu apa. Mukaona bafa, kaya chidebe, kaya sopo, mpopewu ndiuthyola ndekha inu mukuona."

"Ndiike diso langa m'zinthu zanuzo? Kuti mundijambule ndizikaoneka pa foni?"

"Mulibe kamera muno. Muli magalasi awiri basi, ngati loonera nkhope lija."

"Ndiye magalasiwo ndi amene amaona anthu ali maliseche!"

"Aaa, amayi, ine ndine mzimayi mnzanu. Kwathunso bafa lilibe denga."

Ndinalowererapo. "Amayi, onani kaye. Abusa akakufunsani kuti munaona nokha, mukayankha chiyani?"

Amake Sungeni anandiyang'ana. Kenako anamanga chitenje mwamphamvu, nayenda ngati akupita kukamenya munthu. A Mhango anali atalozetsa kale chimpope chakumadzulo, komwe nyenyezi imodzi yokha inkawala pamwamba pa mtengo wa mango. Anapatuka n'kukaima patali, manja kumbuyo.

Amake Sungeni anawerama. Asanaike diso anadzuka msanga.

"Mwaona! Nkhope yanga yaloza kwathu. Bafa langa ndi ilo!"

"Eya, nkhope yaloza kwanu," anatero Anti Edna. "Tsono tsinzinani diso limodzi, mutiuze chomwe chili m'katimo."

Anawerama kachiwiri. Tinadikira. Njinga ya kabaza inadutsa mumsewu, belu likulira. Fungo la makala oyaka linkabwera kuchokera m'makomo. Msana wa Amake Sungeni, womwe unali wolimba ngati thabwa, unayamba kufewa pang'onopang'ono.

"Mwezi," ananong'ona. "Kamwezi kakang'ono, kopyapyala ngati chikhadabo." Anachotsa diso, nayang'ana kumwamba uku ndi uku. "Koma mwezi sunatuluke. Mwauika ndinu m'menemu?"

"Si mwezi, mama," anayankha a Mhango ali pataliko, mawu ali pansipansi. "Ndi nyenyezi iyo mukuiona pamwamba pa mango. Nthanda. Ndi dziko lina, lalikulu pafupifupi ngati lathuli. Dzuwa likuliwalira mbali imodzi, n'chifukwa chake likuoneka lodukidwa. Kuwala kwake kumalowa kukamwaku, kumagunda galasi lapansi, kumabwerera, ndiye kagalasi kena kopendekeka kamakukhotetsera m'mbali, m'diso mwanu."

Sindikudziwa ngati anamva. Anali atabwereranso pa kabowo kaja.

"Ii, ikuthawa! Ikupita m'mphepete. Igwireni!"

"Siikuthawa," anatero Anti Edna akukankha chimpope pang'ono ndi chala. "Tikuyenda ndi ife. Dziko likutembenuka."

Atanena zimenezo ine ndinamva ngati pansi pasuntha. Ndinaganiza za Area 23 yonse, malata ake, mabafa ake opanda denga, ma minibasi, mbaula zoyaka, agalu, tchalitchi ndi mzikiti, zonse zikupendekeka mwakachetechete ngati lichero lalikulu m'manja mwa munthu, ife osataya ngakhale dontho la madzi m'ndowa. Nyenyezi zina zinayamba kutuluka, imodzi apa, ziwiri apo, kenako zambirimbiri ngati ufa wotayikira pa nsalu yakuda. Zaka zonsezi ndimayenda pansi pa zinthu zimenezi maso ali pa zitseko za anthu.

"Kwathu ku Mulanje timati mkazi wa mwezi ameneyu," anatero Amake Sungeni, osachotsa diso. "Nanga mwamuna wake ali kuti?"

"Lero atuluka mochedwa," a Mhango anayankha.

"Hm. Ndi amodzi onse."

Anti Edna anaseka mpaka anagwira bokosi. Ngakhale a Mhango mapewa awo anagwedezeka.

Kenako Amake Sungeni anafunsa ndi mawu ena, oti sindinawamvepo pa siteji kapena m'tchalitchi. "Abambo, kodi ku Joni imaonekanso imeneyi?"

"Yomweyi, mama. Madzulo ano amene, munthu atangokweza maso."

Amake Sungeni anakhala chowerama choncho, dzanja limodzi litagwira bondo, Anti Edna akuwakankhira chimpope nthanda ikafika m'mphepete, kamodzi, kawiri, kasanu. Palibe amene anawafulumizitsa. Atadzuka anapukuta diso ndi nsonga ya mpango, n'kunena kuti kagalasiko kali ndi fumbi.

"Bwera nawe uone," anandiuza.

Ndinaika diso. Poyamba mdima wokhawokha, ndi nsidze zanga. Kenako kanatulukira, koyera, kakunjenjemera pang'ono ngati kali pansi pa madzi. Kanali kokhakokha, kopanda chingwe, kopanda mtengo wokagwira. Ndinaganiza kuti mwina kumeneko kulibe kiyosiki, kulibe amene anamvapo dzina la munthu aliyense. Kanayandama kuchoka kumanzere kupita kumanja, mwaulemu, ngati mkwatibwi wosayang'ana anthu, mpaka kanatuluka.

Nditadzuka ndinapeza Amake Sungeni akumasula mfundo ya chitenje. Anandipatsa kalata ija.

"Amako ayatsa kale mbaula?"

"Sindikudziwa, amayi."

"Kawapatse ayatsire."

Kupepesa sanapepese, musayembekezere zimenezo kwa iwo. Anangoti, "Abambo, valani chipewa, kwayamba mphepo. Lachisanu ndibwera ndi Sungeni. Ndibweretsanso zitumbuwa, koma zogulitsa, musati mwapeza zaulere."

"Mudzatipeza, mama," anatero a Mhango. Anavala chipewa chija mokhota.

Tili m'njira yobwerera, mu mdima, Amake Sungeni anaima mwadzidzidzi. "Koma ndikanamudziwa amene anayambitsa bodza limeneli! Milungu iwiri ndikusambira m'beseni ngati khanda. Iwe umamva zonse, Chisankho. Anali ndani?"

Ndinati ndifufuza.

Kalata ija inayaka bwino, amayi anaphikira tiyi. Koma ndinakhala pakhonde ndikuganiza. Abusa sadzaiwerenga, chabwino. Bwalo silichoka, udindo suchoka. Nanga a ku chigayo? A m'minibasi? A ku Chilinde, amene sanaikepo diso pa kabowo kalikonse? Lamulungu benchi ya a Mhango idzakhalabe ndi malo. Ndikhoza kupita pa kiyosiki n'kunena kuti Amake Sungeni aona okha, mulibe bafa m'menemo, muli nthanda. Ena akhulupirira, ena ati nawonso awadyetsa mankhwala. Chimene chingaphe nkhaniyi n'chimodzi chokha, ndipo ndikuchidziwa: azimayi omwe anaseka aja amve kuchokera pakamwa pomwe paja kuti ndinangopeka, kuti sindinaone chilichonse koma nkhalamba itawerama. Akatero dzina langa ndiye lidzakwera minibasi. Ndipo Amake Sungeni adzamva tsiku lomwelo dzuwa lisanafike pamutu.

Ndowa ndatsuka kale, zili pakhomo. Mawa kiyosiki atsegula sikisi koloko, ndipo Loweruka mzere umakhala wautali, aliyense amakhalapo. Inu mukanakhala ine, mutaima pa mzere umenewo ndowa ili m'manja, mukananena kuti ndinu?