Buledi Wofufutira Makala

Basant anapatsidwa miyezi itatu. Bambo ake, a Abdel-Sabour, eni bekale ya pakona ya msewu wathu kuno mumzinda wa Mansoura, m'mbali mwa mtsinje wa Nile, ananena zimenezi atasenza thabwa la buledi wotentha, ndipo munthu sungatsutsane ndi bambo amene wanyamula moto pamutu.

"Miyezi itatu. Ikatha undionetse chimene akukuphunzitsa kusukulu ya zojambulayo. Ndikaona kuti n'zachibwana, ukalowa musitolo ya mankhwala ya amalume ako, uzikakulunga mapiritsi ngati mwana wa munthu."

Sitoloyo Basant ankaidziwa bwino: kachipinda kopanda zenera, fungo la mankhwala a chifuwa, ndi amalume amene amayamba kufotokoza matenda awo kasitomala asananene ake. Akangoiganizira, njala inkamuthera pomwepo.

Kusukulu anapita ndi mtima woti pofika Lachinayi akhala atajambula mtsinje wa Nile ndi mabwato ake omwe. A Dokotala Wagdy, aphunzitsi a chaka choyamba, mkulu wamfupi wa ndevu zoyera ndi zala zakuda, anali ndi maganizo ena. Anagawa mapepala akuluakulu nati aliyense alembe mizere yowongoka popanda lula, kuchokera pamwamba mpaka pansi, kufikira pepala litadzaza. Likadzaza ankapereka lina.

"Dzanja liziyendera paphewa!" ankakuwa akuzungulira m'kalasi. "Mwagwira pensulo ngati mukusaina kalata ya ukwati wokakamizidwa!"

Sabata yachitatu anawakweza udindo. Anawalola kujambula dzira. Dzira limodzi lokha, patebulo, masiku asanu.

Nkhani ya dzirayo sinali yopita nayo kunyumba. Bambo ake akafunsa chimene waphunzira, Basant ankangoti, "Kaonekedwe ka zinthu, Ababa," n'kudzaza chakudya m'kamwa kuti funso lachiwiri lisabwere. Koma dziralo linamuchita kanthu. Tsiku lachinayi anaona kuti dzira si loyera ayi, ndipo kunsi kwake, mkati mwenimweni mwa mthunzi, muli kakuwala kobwerera kuchokera patebulo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akudya mazira, kakuwala kameneko anali asanakaonepo. Anachita manyazi, komanso anakondwa kwambiri. Kuyambira tsikulo ankayenda mumsewu atatsinzina diso limodzi, dzanja atatambasula, akuyeza mitu ya anthu ndi pensulo, mpaka mayi wina wogulitsa tomato anamutambasulira chikhatho kuti diso loipa libwerere kwa mwini wake.

Mavuto anabwera ndi makala. Mwezi wachiwiri a Dokotala anati aliyense apake makala pepala lonse mpaka lide bii. Kenako anatulutsa m'thumba la jekete buledi wofewa, wamtali uja timati fino, nam'ng'amba pakati, nakolowola zam'kati, naumba kampira, nayamba kudinda papepala lakudalo. Paliponse pamene kampirako kakhudza, makala ankanyamuka, pepala n'kuyera. Posakhalitsa mtsuko unatulukira mumdimamo, ndi khosi lake ndi chogwirira chomwe.

"Labala amakanda pepala," anatero a Dokotala. "Buledi amanyamula makala mwaulemu. Musajambule mtsuko. Chotsani mdima pamene pagwa kuwala, mtsuko ubwera wokha. Mawa aliyense abwere ndi buledi, wofufutira, osati wa m'mimba!"

Kalasi yonse inaseka, kupatula Basant. Tonsefe tikaona kachidutswa ka buledi pansi timatola, kupsompsona, kukhudzitsa pamphumi, n'kukaika pakhoma pamene phazi silifika. Koma a Abdel-Sabour zimenezi ankazichita mopitiriza. Anaimitsapo minibasi pakati pa msewu chifukwa cha kachidutswa kamene nkhunda inali itayamba kale kukajompha, ndipo anakangana ndi dalaivala ndi nkhunda yomwe. Mwana wa munthu wotereyu azikapukutira makala ndi buledi?

Anapukutira ndithu, poti sitolo ya amalume inkamudikira. Anayamba ndi buledi wa bambo ake, wathu wozungulira uja wa madeya kunsi, koma madeyawo anakanda pepala ngati mphaka. Ndiye anakokera mpango kumaso, nawoloka njanji, nakaima pamzere kwa Fangari. Fangari ameneyu anaphunzira kukanda ufa m'bekale ya a Abdel-Sabour, kenako anakatsegula yake ya fino ndi makeke, natenga makasitomala theka. M'nyumba mwa Basant dzina lake silinkatchulidwa. Ankangoti "wakutsidya uja."

Kugula kunali kosavuta. Chovuta chinali timipira takuda totsala akamaliza kufufuta. Anzake ankangotiponya m'bini, koma iye dzanja linkakana. Ankatisonkhanitsa m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. Chitini chinadzaza, napeza chachiwiri. Sanadziwe kuti mayi ake, a Ensaf, anazipeza zitinizo posesa, ndipo poti ndi mayi wosakonda kufunsa mafunso ambiri, ankangotapa timipirato, kuviika m'madzi, n'kukapatsa abakha awo oyera amene amaweta padenga.

Ntchito yomaliza ya teremu imeneyo inali yojambula manja a munthu wogwira ntchito. Basant sanafunike kupita patali. Masana aliwonse ankatsikira m'bekale ngati wodzathandiza, n'kuima pafupi ndi mtanda, diso limodzi atatsinzina, akuyang'anitsitsa manja a bambo ake. Iwo anaganiza kuti mwana wadwala maso, namutumizira mankhwala odontheza kuchokera kwa amalume aja.

Lachisanu, atatsala masiku anayi kuti miyezi itatu ikwane, Basant anali padenga kuseri kwa thanki ya madzi, thabwa lojambulira pamiyendo. Anamva bambo ake akukwera masitepe pochokera kumzikiti, akupuma mwaphuma. Anamva akuima pakhola. 

"Make Basant! Abakhawa ayamba ganyu kwa wogulitsa makala?"

Abakha onse asanu ndi awiri anali ndi milomo yakuda, makosi akuda, ndi nkhope za anthu osadziwa mlandu.

"Ndi buledi wa m'zitini za mwana wanu!" a Ensaf anayankhira pansi. "Mumafuna nditaye?"

A Abdel-Sabour anazungulira thanki. Anapeza mwana wawo, zala zakuda mpaka m'zigongono, kampira kakuda kali m'manja.

"Ababa, ndimvereni kaye. Sindinatayepo n'kamodzi komwe. Ndi mmene amaphunzitsira a Dokotala, amati labala amakanda. Ndimadziwa kuti ndi madalitso a Mulungu, n'chifukwa chake ndimasunga…"

Bambowo sankamva. Anatenga kampirako, nakafinya pakati pa zala, nakanunkhiza. Anakang'amba, nanunkhizanso mkati. Nkhope yawo inayamba kusintha pang'onopang'ono.

"Shuga," anatero. "Mafuta. Yisiti wochuluka ngati wa mowa." Maso awo anagwera pa kathumba ka pepala kamene kanali pambali pa mwendo wa Basant, kolembedwa dzina ndi zilembo zofiira. "Uyu ndi wa Fangari!"

Dzinalo linamveka padengapo koyamba m'zaka khumi ndi ziwiri. Abakha nawo anasiya kulira.

"Mwana wanga, wobadwira pamwamba pa uvuni wanga, kukaima pamzere kwa Fangari! Anakuona?"

"Ndinaphimba kumaso, Ababa."

"Ndati anakuona?"

"Anati ndikupatseni moni."

"Anati undipatse moni!" Anagwira thanki kuti asagwe. "Make Basant, wamva? Fangari akundipatsa moni! Msewu wonse ukudziwa tsopano kuti m'nyumba mwa Abdel-Sabour amadya fino wakutsidya!"

"Sitidya, Ababa, ndimangofufutira."

"Ukamuuze iyeyo zimenezo! Zoti ukupukutira makala ndi madalitso, imeneyo tikambirana ine ndi Mulungu, poti abakha adya, palibe chatayika. Koma Fangari! Miyezi itatu yathera pano. Mawa m'mawa ukupita kwa amalume ako."

Basant anakumbatira thabwa lake. Anaopa kuti akatsegula pakamwa alira, ndipo misozi pankhope yamakala imachititsa manyazi kawiri.

"Bweretsa kuno ndione chimene wandichotsera ulemu."

Anawapatsa thabwalo. Papepala lakudalo panali manja awiri okha, olowa mumtanda mpaka m'mfundo za zala. Padzanja lamanzere panali chipsera cha chitseko cha uvuni, ndi kachala kakang'ono kokhota kamene kanathyoka Basant asanabadwe. A Abdel-Sabour anayang'ana nthawi yaitali.

"Kachalaka wakakhotetsa kwambiri," anatero pomaliza. Anatambasula dzanja lawo kuti amuonetse. Anayang'ana kachala kawo, nayang'ananso kapapepala, kenako anabisa dzanjalo m'thumba la mkanjo. "Nanga zoyerazi wapaka choko?"

"Ayi, ndi pepala lenilenilo. Ndimadetsa lonse kaye, kenako ndimachotsa makala pamene pagwa kuwala. Taonani."

Anaumba kampira katsopano nadinda pamfundo ya chala chachikulu. Mfundoyo inatukuka ngati ikufuna kutuluka m'pepala. Bambowo anawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza makala.

"Nanga kabanga kachikasuka?"

"Ndi mafuta a m'buledimo. A Dokotala nawo amadandaula. Amati amawononga pepala."

"Ehe!" A Abdel-Sabour anawongoka ngati apambana mlandu kukhoti. "Wamva? Ngakhale pepala likum'dziwa munthu ameneyu! Nanga wanga unam'siyiranji?"

"Wanu amakanda, Ababa. Madeya."

"Amakanda chifukwa sindinaphikire mapepala! Ndimaphikira anthu a mano!"

Anamubwezera thabwalo, natsika masitepe. Basant anatsala ndi abakha. Za sitolo ya mankhwala bambowo sanabweze mawu, ndipo a Abdel-Sabour akanena mawa amatanthauza mawa. Anayang'ana manja apapepalawo. Dzanja lamanja linali lisanathe, ndipo anamva chisoni kuti mwina silidzathanso. Anaganiza za dzira lija, ndi mizere yonse ija imene ankaitukwana mumtima, napeza kuti angalole kulemba mizere chaka chathunthu kusiyana n'kukulunga piritsi limodzi. Apa ndiye analira ndithu, napukuta ndi mkono, nkhope n'kufanana ndi ya abakha.

Patapita maola awiri, fungo la uvuni linakwera masitepe, ngakhale Lachisanu masana bekale imakhala yotseka. Kenako anakwera a Abdel-Sabour, mkanjo wa kumzikiti uli mbuu ndi ufa, atanyamula mbale ya timabuledi titatu toyera.

"Aka ndasefa ufa kawiri. Aka katatu. Aka ndachepetsa madzi. Mafuta mulibe, shuga mulibe, madeya mulibe. Kudya sungadye, n'kosakoma ngati nkhani za amalume ako. Yesa."

Koyamba kananyenyeka. Kachiwiri kanamata papepala. Kachitatu kananyamula makala bwinobwino, pepala n'kutsala mbee, lopanda banga. Basant anadinda pamsana pa dzanja lamanja lija, mitsempha n'kuyamba kuoneka umodzi umodzi. Bambowo anakhala pa ndowa yovundikira, akuonerera dzanja lawo likutuluka mumdima.

"M'kalasi mwanumo mulipo angati?"

"Makumi anayi."

"Onsewo amagula kwa ndani?"

Basant anangoyang'ana kutsidya kwa njanji.

"Ana makumi anayi a anthu akuwonongeredwa mapepala," anatero a Abdel-Sabour mwachisoni chachikulu. "Lamlungu sukulu ikatsegula, upite ndi thumba lathunthu la buledi ameneyu."

"Lamlungu? Nanga kwa amalume?"

"Kwa amalume kukatani? Ukapita kumeneko buledi wangayu azindiyesera ndani, abakha?"

Ponyamuka, phazi lawo linatsala pang'ono kuponda kampira kakuda kamene kanagwa pa mkangano uja, ka buledi wa Fangari. Anaima. Anakayang'ana mmene munthu umayang'anira m'bale amene unadana naye. Komabe anawerama, nakatola, nakapsompsona, nakakhudzitsa pamphumi, nakaika pakhoma. Pamphumipo panatsala banga lakuda bii.

"Taimani kaye, Ababa. Musagwedezeke."

Basant anatsina buledi watsopanoyo, naumba kampira, nadinda pamphumi pa bambo ake pang'onopang'ono. Iwo anatsinzina maso onse awiri, ataima njo.

"Lachoka?"

"Lachoka lonse."

"Silinasiye chikasu?"

"Ngakhale pang'ono."

"Ukawauze a Dokotala akowo," anatero, maso akadali otsinzina. "Ndipo kachala kaja usakawongole. Kasiye mmene kalili."