Amene Ananeneza Kalisto

"Ndi ameneyo," anatero Bernadetta akuloza pazenera. Asanatsitse n'komwe chala, Misheck, mng'ono wa malemu mwamuna wake Kalisto, anali atatuluka kale panja.

Mtsikana wolozedwayo anali atangofika pabwalo, nsapato zili matope okhaokha a njira ya ku Bembeke, chikwama chili paphewa, chitenje atachimanga ngati munthu wosachizolowera. Anali Wezzie, amene Kalisto anamuphunzitsa ntchito ku Lilongwe. Ndi yemweyonso amene anakamuneneza.

Kumudzi kuno ntchito ya Kalisto inali yosamveka. Ankangoti amawerengera imfa za anthu, ndipo sankaphonya kwenikweni. Iye ankawerengera zaka zimene anthu angakhale ndi moyo, n'kusaina kuti thumba la penshoni lakutilakuti lidzawakwanira. Akatswiri otere ali ndi bungwe lawo, ndipo dandaulo likafika kumeneko sayang'ana nkhope. Amatuma wofufuza, kenako komiti imakuitana. Wina amangodzudzulidwa, wina amaimitsidwa, wina dzina lake limafufutidwa. Kalisto sanafike pamaso pa komitiyo. Sitiroko inamugwetsa m'bafa tsiku la mlandu litayandikira, ndipo bungwelo linati munthu akamwalira nkhani imathera pomwepo, popanda chigamulo. Analowa m'manda dzina lisanatsukidwe, ndipo zimenezi zinkamuwawa Bernadetta kuposa imfayo.

Misheck, wocheka matabwa m'Phiri la Dedza, sanali munthu wa mawu ambiri. Anazula thabwa limene anthu ankakhalira pamaliro, njerwa zochirikiza n'kugubuduzika.

"Wabwera kudzaona ngati tamukwiriradi?"

"Achimwene, ndabwera kudzapepesa maliro..."

"Mchimwene wako ndani? Wanga unamudya ndiwe!"

Thabwa linatera paphewa, phwa! Wezzie anagwera pa mabeseni amene amayi ankatsukira mbale, madzi akuda n'kumukhuthukira. Pamene ankati adzuke, lachiwiri linamupeza pamphumi, khungu n'kung'ambika. Amayi anabalalika akukuwa. A Ezara, amalume awo a Misheck, anayesa kumugwira m'chiuno koma chigongono chinawapeza pakamwa, nkhalamba n'kukhala pansi ikulavula magazi. Misheck anamugwira mtsikanayo tsitsi n'kumukwekweretsa m'matope kulowera kumpanda.

Tisabise, Bernadetta mtima unamuzizira bwino. Anaima pazenera paja akumva kukoma, ngati waludzu amene wapatsidwa madzi.

Thabwa litakwera kachitatu, Wezzie anaphimba mutu ndi manja n'kukuwa: "Anandituma okha! A Kalisto anandituma okha!"

"Bodza!" anatero Misheck, koma dzanja linaima m'mwamba.

Bernadetta anafika pakhomo n'kuima pamenepo. Kupitirira apo sakanatha, poti namfedwa satuluka m'nyumba anthu asanamete.

"Alamu, tadikirani. Iwe, ukuti chiyani?"

Wezzie anakhala tsonga, magazi akutsikira m'diso. Mawu ankatuluka modukaduka.

"Amayi, cholakwacho ndinachipeza ndine, pa lipoti la penshoni ya ogwira ntchito pa kampani ya matabwa. Anagwiritsa ntchito ziwerengero zakale, n'kusaina osaonetsetsa. Ndinawachonderera kuti tingokonza mwakachetechete. Anakana. Anati lipoti lapita kale, anthu akhulupirira siginecha yawo. Malamulo athu amati ukaona cholakwa cha mnzako n'kukhala chete, nawenso walakwa. Anandiuza kuti, 'Ukabisa, zikadzaululika udzagwa nane limodzi, pamene iwe ntchito ukungoyamba kumene. Pita ukandineneze.'"

"Munthu wamisala yekha ndi amene angadzitumire mlandu," anatero Misheck.

"Ndinakana sabata yonse. Tsiku lomaliza anandiperekeza okha mpaka pakhomo la ofesiyo, ine ndikulira. Chikwama chomwechi anandinyamulira ndi iwowo."

Chinali gone m'matope pafupi ndi mabeseni, lamba wina ataduka.

Bernadetta anayang'anitsitsa chikwamacho. Malamulo a bungwe munthu akhoza kupeka, koma za chikwamazo ayi. Kalisto sankalola mlendo kunyamula katundu wake pochoka, kaya abwana kaya wogulitsa makala. Ngakhale amene wakangana naye ankamunyamulira mpaka kumsewu. Anakumbukiranso madzulo ena amene mwamuna wake anafika mwakachetechete, n'kudya bwinobwino, kenako n'kunena yekha kuti, "Mwana uja lero wakula." Bernadetta sanafunse kuti mwana wake uti. Patapita masiku, atamva za dandaulo, anatukwana dzina la Wezzie m'nyumba monse, ndipo Kalisto ankangoti, "Msiye, Berna, wagwira ntchito yake." Bernadetta ankayesa kuti ndi kufatsa kwake kuja kopusa nako.

Manyazi anamugwira, owawa kuposa mkwiyo uja. Chala chimene chinaloza chinali chake.

Misheck nayenso anali kuyang'ana chikwamacho. Pa Khirisimasi yapitayi anabwera ataledzera, n'kumutukwana mkulu wake pamaso pa ana, ndipo m'mawa mwake Kalisto anamusenzera sowo mpaka pamphambano. Thabwa linapulumuka m'manja mwake n'kugwera pansi. Anakhala pa njerwa, mutu uli pakati pa mawondo.

Bernadetta anaponda panja.

"Alamu, sitinamete!" anakuwa a Veronika, mlongo wake wa malemu. "Bwererani m'nyumba, mutiputira zina!"

Sanacheuke. Anamasula duku lake lakuda, n'kugwada m'matope, n'kumanga bala la pamphumi lija mothinitsa. Anamupukuta Wezzie m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kumudzutsa pang'onopang'ono.

"Tiye kuchipatala cha mishoni akakusoke."

Anatola chikwama chija, n'kuchisasa matope, n'kumanga mfundo pa lamba woduka. Wezzie anatambasula dzanja lomwe linali losavulala.

"Ndinyamula ndekha, amayi."

"Pakhomo pano mlendo sanyamula chikwama," anatero Bernadetta.

Anachikoleka paphewa, n'kutsogola kulowera kumsewu, mutu uli pamtunda.