Nkhali za Nyali, Tenti ya Nangula

Kwathu ku Paya Keranji ankanditchula Din London, ngakhale ku London ndinangodutsako kanayi, ndipo kawiri ndinali m'tulo m'basi. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinazithera ku Hull, mzinda wa mphepo ndi fungo la nsomba. Masana ndinkaphunzitsa ana a eni masamu, madzulo n'kumalemba nkhani zodzudzula ndale za kwathu patsamba langa la pa intaneti. Ndinalemba nkhani mazana anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Owerenga okhulupirika analipo ngati makumi asanu ndi limodzi, ndipo mpaka lero ndimakayikira kuti ena mwa iwo ankawerenga chifukwa inali ntchito yawo.

Chimene chinandibweza ndi ukwati wa Suraya, mwana yekhayo wa achemwali anga, Kak Kiah. Ndinafika Lolemba, ukwati uli Loweruka. Mudzi umene ndinausunga m'mutu zaka zonsezo, wa mtsinje woonekera mchenga pansi, minda ya mpunga ndi anthu a mtima umodzi, sindinaupeze. Pamene panali mtengo wa mango wa bambo panali kasitolo kogulitsa zikwama za mafoni. Ndipo paliponse panali mbendera. Phungu wa dera lathu anali atamwalira, chisankho chapadera chili pafupi. Za chipani cha Nyali uku, za chipani cha Nangula uko, m'mitengo ya kokonati, pamlatho, mpaka pakhola la mbuzi.

Kak Kiah ndi mayi wamasiye amene wakhala akugulitsa timakeke pachipata cha sukulu kuyambira ndisanachoke. Sanawerengepo nkhani yanga ngakhale imodzi. Ndisanamalize n'komwe tiyi wanga woyamba anandikhazika pakhonde.

"Din, tamvera. Nkhali zisanu zophikira mpunga ndi nyama ndabwereka kwa Cik Arah, mkulu wa amayi a Nyali. Tenti, mipando ndi matebulo zikuchokera kwa Haji Sapawi, wapampando wa Nangula. Lachisanu onse akubwera kudzaphika, amuna kupha ng'ombe, amayi kusenda anyezi. Miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikuluka zimenezi. Maliro a uku ndimapita, maliro a uko ndimapita. Kumene ndimachonga pachisankho palibe akudziwa, ngakhale malemu alamu ako anapita osadziwa. Iwe ntchito yako ndi kuvala bwino, kupereka moni ndi kutseka pakamwa."

"Achemwali, inetu ndale za dziko lino ndazilemba zaka makumi atatu."

"N'chifukwa chake ndikuti utseke."

Ndinapirira tsiku limodzi lathunthu. Ndikufuna zimenezi zidziwike.

Lachitatu m'mawa ndinapita kokamwa khofi kusitolo ya Wahab, kumene bambo ankanditengera ndili mwana. Ndili komweko kunalowa mtolankhani, mtsikana wochokera ku Kuala Lumpur, foni ataimangirira kukandodo. Anati ndi wa wailesi ya kanema ya pa intaneti, akufuna maganizo a anthu wamba pa chisankhochi. Anthu wamba a ku Paya Keranji amadziwa kuyankha mafunso otere. Wina anati, "Tiona tsiku lakelo." Wina anati onse opikisanawo ndi ana abwino. Wina anangoti mvula yachedwa chaka chino. Mtsikanayo atayamba kulongedza, Wahab anandiloza ndi supuni.

"Funsani uyo, mwanawe. Din London ameneyo. Wolemba mabuku."

Buku sindinalembepo. Koma sindinamukonze.

Ndinalankhula mphindi khumi ndi imodzi. Ndinayambira nthawi ya atsamunda, ndinatchula anzeru atatu a ku Ulaya amene anafa kalekale, ndinafotokoza kusiyana kwa nzika ndi wopemphetsa. Zaka makumi atatu ndikulankhula ndi khoma lonyowa la ku Hull, lero munthu wamoyo anali kundigwedezera mutu. Ndinamva kukoma ngati mwana amene wamasulidwa m'kalasi. Amuna onse m'sitolomo maso anali m'makapu mwawo, ine n'kumayesa kuti agoma.

Pa mphindi khumi ndi imodzi zija, kanema anatulutsa masekondi makumi anayi. Anzeru a ku Ulaya onse anawadula. Anasiya nkhope yanga yotuluka thukuta ikunena kuti: "M'mudzi muno ngakhale mphika uli ndi khadi la chipani. Mlongo wanga, mayi wamasiye, akugwadira zipani ziwiri kuti akwatitse mwana wake. Nkhali za Cik Arah si chifundo ayi, ndi nyambo. Tenti ya Haji Sapawi nayonso ndi nyambo." Pamwamba pake analembapo zilembo zikuluzikulu: WOPHUNZIRA WA KU LONDON WAULULA.

Pofika swala, pemphero la masana, kanemayo anali m'foni iliyonse. A Nangula anadula kachigawo ka nkhali kokha n'kumakatumiza m'magulu awo. A Nyali anadula ka tenti. Mbali iliyonse inaseka maola awiri, kenako inaona kachigawo ka anzawo.

Lachinayi m'mawa ndinadzutsidwa ndi kulira kwa zitsulo. Anthu a Haji Sapawi anali kugwetsa tenti imene anaimika okha dzana lake. Sanakalipe, sanatukwane. Anandipatsa moni mwaulemu, wina mpaka anandifunsa ngati ku London kukuzizira. Asanachoke n'komwe, amayi anayi a Cik Arah anafika ndi ngolo yokankha, n'kukweza nkhali imodziimodzi. Wotsiriza anabwereranso kudzatenga mthiko waukulu umene anaiwala. Pabwalo panatsala ng'ombe yokha, yomangidwa kumtengo, ikundiyang'ana ngati ikuthokoza.

Suraya ndi namwino, ndipo amalankhula ngati akubaya jakisoni: mwachangu, mopanda chidani.

"Malume, apongozi anga akubwera mabasi awiri kuchokera ku Kuantan. Akhala pansi pa chiyani? Pansi pa nkhani zanu?"

"Mwanangu, usadandaule. M'tauni muli makampani ophika. Ndiimba foni pompano, tenti, chakudya, operekera, zonse zibwera. Sitifunikanso kupempha kwa munthu."

Kak Kiah anali kusankha mpunga palichero. Sanadzutse mutu.

"Chakudya ugula. Nanga anthu ugula kuti? Ukufuna apongozi afike apeze mipando mazana atatu yopanda munthu ndi anyamata a yunifolomu, abwerere akunena kuti mwana wawo wakwatira kubanja limene mudzi unalitaya? Suraya akakhala nawo moyo wake wonse anthu amenewo. Iwe ukwera ndege." Anachotsa kamwala n'kukaponya pansi. "Tsamba likagwa, Din, manyazi amagwira mtengo. Pita ukapepese."

Ndinavala malaya anga abwino ndi chisoti cha bambo, n'kuyamba ndi Haji Sapawi chifukwa nyumba yake inali pafupi. Ine ndi iye tinakhala desiki imodzi zaka zisanu, ndipo masamu onse amene anakhoza pamoyo wake anali anga. Ndinamupeza pakhonde la ofesi ya chipani, mimba ili patsogolo, akudya nthochi zokazinga.

"Aa, bwana London! Khalani, khalani. Pepani mpando wathu ndi wa nyambo."

"Sapawi, amwene, ndinalakwitsa."

"Haji," anandikonza, akufuna dzina lake laulemu.

"Haji. Ndinalakwitsa."

"Kwa Arah wapita kale?"

"Ayi, ndayamba ndi inu."

Nkhope yake inamasuka. Anandikankhira mbale ya nthochi. "Ukuona, Din, ine ndilibe nawe chifukwa. Munthu akakhala nthawi yaitali kozizira, ubongo umaundana. Koma unandinyozera pakanema, ndiye upepesenso pakanema. Pano, pansi pa mbendera iyi. Tenti ibwerera lero lomwe."

Ndinati ndiganizira, n'kuwoloka mlatho kupita kwa Cik Arah. Mayi ameneyu ndi wamfupi ngati mtondo, ndipo anaphikitsa maukwati onse a tsidya lija kwa zaka makumi anayi. Sanandilowetse m'nyumba. Anaima pamwamba pa makwerero, foni ili m'manja.

"Nthochi za Sapawi zinakoma?"

Panali patadutsa mphindi zisanu ndi ziwiri zokha.

"Mayi, ndabwera kudzapepesa."

"Wabwera kudzandipatsa makombo a kupepesa. Nkhali zimenezo, mwana wa malemu Yusof iwe, zinaphika pamaliro a mayi ako iwe ukutumiza uthenga woti kulibe ndege. Tsiku limenelo sinali nyambo? Ukafuna, bwera upepese pano, pakanema, pansi pa mbendera yathu. Ndipo kwa Sapawi usakabwerezenso."

Pa za maliro a mayi sananame. Ndege zinalipo.

Ndinabwerera kunyumba dzuwa lili paliwombo, malaya atamatirira kumsana, ndikuwerengera ngati mphunzitsi wa masamu. Ndikapepesa kwa Nangula, tipeza mthunzi wopanda chakudya. Ndikapepesa kwa Nyali, chakudya chopanda mthunzi. Mbali iliyonse theka la mudzi silibwera. Nkhani mazana anayi ndi zisanu ndi ziwiri zinalibe yankho.

Kak Kiah anamvetsera zonse akupala kokonati. Nditamaliza anapukuta manja, natenga foni yake yong'aluka galasi. Poyamba anaimbira mtolankhani uja. Nambala anaitenga kuti, sindikudziwa. Kenako anajambula mawu, mofatsa ngati akuitanira anthu kumapemphero, n'kuwatumiza kugulu la amayi a Nyali ndi kugulu la abambo a Nangula nthawi imodzi.

"Abale anga, ndi Kiah. Mawa eyiti koloko m'mawa mlongo wanga apepesa pabwalo panga. Wakanema uja abwera. Apepesa ataima pansi pa tenti, ngati tenti ilipo, pambali pa nkhali, ngati nkhali zilipo. Chimene sichioneka m'kanemamo, anthu a dziko lino adzaganiza okha kuti mwina pa chimenecho Din ananena zoona. Ine ndilibe mawu, ndine mayi wamasiye chabe."

Anaika foni pansi n'kupitiriza kupala kokonati.

"Achemwali," ndinatero, "zimenezi munaziphunzira kuti?"

"Pachipata cha sukulu. Tenga mpeni uwo."

Lachisanu, dzuwa lisanafike pamwamba pa mitengo, lole ya Haji Sapawi ndi ngolo ya Cik Arah zinakumana pachipata pathu, ndipo panabuka kamkangano ka amene alowe poyamba. Pofika seveni koloko tenti inali chilili, ataiwonjezeranso nsalu zam'mbali zimene poyamba kunalibe. Nkhali zinabwera zisanu ndi ziwiri m'malo mwa zisanu. Mudzi wonse unatsatira, a uku ndi a uko, aliyense ndi mpeni wake wosendera, pakuti munthu sungapite kukaonerera manyazi a mnzako chimanjamanja.

Ndinali nditakonza mawu a masamba atatu. Munali kupepesa, komanso munali ndime yabwino kwambiri yofotokoza kuti mawu anga anachotsedwa pamalo pake. Kak Kiah anandipempha kuti awaone. Anawapinda bwinobwino, n'kuwalowetsa pansi pa nkhuni za nkhali yoyamba. Anayaka msanga.

Choncho ndinaima pamaso pa kafoni kaja wopanda pepala. Ndinati ndinalankhula ngati mlendo pa zinthu za eni, ndipo ndikupempha Haji ndi Cik Arah ndi mudzi wonse andikhululukire. Ndinagwira dzanja la Sapawi ndi manja awiri. Kwa Cik Arah ndinaika dzanja pachifuwa n'kuwerama.

"Wamaliza?" anafunsa Cik Arah. "London yonseyo, mawu ake omwewo?" Anthu anaseka, a Nyali ndi a Nangula pamodzi. Anandipatsa khoko la kokonati ndi chitini cha phulusa, n'kuloza nkhali ziwiri zowonjezera zija, zimene zinali zisanagwire ntchito kuyambira chaka chatha. "Kwecha. Tione ngati khadi la chipani ulipeza pansi pake."

Ndinapinda malaya n'kugwada. Mtolankhani sanazimitse foni.

Ndili mkati mokwecha, mwaye mpaka m'zigongono, Kak Kiah anadutsa ndi beseni la anyezi. Pozungulira ponse panali phokoso limene ndinalilota zaka makumi atatu: mipeni pamatabwa, amuna akukangana za kagawidwe ka nyama, utsi, mayi wina akukalipira mnzake za mchere. Mtima unandiwawa.

"Nthawi ya bambo sizinali chonchi, achemwali," ndinatero motsitsa mawu. "Kunalibe za uyu ndi wa chipani chakuti. Ndikukumbukira phwando la mdulidwe wanga. Mudzi umodzi, mphika umodzi."

Anaika beseni pansi kuti aseke bwino.

"Mphika umodzi? Phwando lako lija mayi anaphika pawiri, kuno ndi kwa azakhali, chifukwa theka la mudzi linakana nyama ya ng'ombe imene anazinga munthu wa chipani china. Bambo aakulu sanalankhule ndi bambo zaka zitatu. Iwe unadya kuno, unathamangira kwa azakhali, unadyanso. Unkadya konsekonse, Din, n'kumayesa mudzi ndi umodzi." Ananyamula beseni lake. "Pansi apo pakadali pakuda."

Loweruka kunabwera anthu oposa mazana asanu ndi awiri. Mabasi a ku Kuantan anapeza bwalo losefukira, ndipo apongozi a Suraya anauza Kak Kiah kuti sanaonepo banja lokondedwa chotere. Anafunsanso ngati angajambulitse ndi malume aja a m'kanema. Opikisana onse awiri anafika, aliyense nthawi yake, n'kudya mpunga wa m'nkhali za Nyali pansi pa tenti ya Nangula osatsamwa.

Kanema wa ine ndikukwecha anaonedwa ndi anthu zikwi mazana anayi. Ndinapita patsamba langa kukaona ngati ena mwa iwo anatsata dzina langa kuti awerenge zimene ndinalemba. Owerenga anawonjezekera atatu. Mmodzi anasiya funso pansi pa nkhani yanga yonena za tsogolo la ufulu wa atolankhani: ankafuna kudziwa ngati phulusa limachotsadi mwaye kuposa sopo.

Ndinamuyankha kuti limachotsa. Pa zonse zimene ndalembapo zokhudza kwathu, chimenechi chokha ndi chimene ndinachiyesa ndi manja anga. Ku Paya Keranji tsopano amanditchula Din Nkhali, ndipo Cik Arah watumiza uthenga kuti mwezi wamawa tsidya lija kuli ukwati wina.