Chofunda cha Zigamba

Faines anaphunzira kusoka ali mtsikana, kwa masisitere a pamishoni ya Madisi. Anamuphunzitsa kupinda m'mphepete mwa nsalu, kusokerera mabatani ndi kudula diresi la mwana. Zolumikiza tizidutswa ta nsalu anaziyamba yekha atapita ku chitengwa kwa mwamuna wake Malizani, m'mudzi wina wa kumapiri, kumunsi kwa Boma la Dowa.

Ankatolera tizidutswa totsala kwa matelala a m'makonde, n'kumatilumikiza ndi singano ya pamanja mpaka tikwane chofunda cha pabedi. Pakati ankaikapo bulangete lakutha, kunsi chitenje chakale, kenako n'kusoka zonse pamodzi mizeremizere. Sankagulitsa. China anapatsa mwana wake Tiyamike pamene ankapita kukayamba ntchito ya unamwino ku Lilongwe, zina zinali m'sutikesi pansi pa bedi.

Malizani sankaletsa, koma sankazimvetsanso.

"Mayi a Tiyamike, anthu aziti ndikulephera kukugulirani bulangete," ankatero akamupeza pakhonde atazunguliridwa ndi tinsalu. "Zigamba amavala ndi wosauka."

"Izi sindivala ayi," Faines ankayankha osatukula mutu.

Lachiwiri lina nyengo yokolola itatha, Faines ananyamula mtedza kukagulitsa kumsika wa ku Dzaleka. Anali atakoleka kachikwama kamene anasoka yekha ndi zigamba. Akudutsa m'kanjira ka pakati pa timasitolo, mayi wina wamtali, wovala duku lalikulu lachikasu, anamukodola.

"Mama, bwerani. Wasoka ndani ichi?"

"Ndasoka ndekha."

Mayiyo anakagwira kachikwamako, n'kukatembenuza, n'kuyang'anitsitsa misoko yake.

"Dzanja lanu ndi labwino kwambiri. Koma chobiriwira ichi mwachiika malo olakwa. Chikupha chofiira."

Faines anayamba wakwiya. Atakayang'ananso kachikwamako anaona kuti mayiyo akunena zoona, ndipo anaseka.

Mayiyo anali Roza. Anathawa nkhondo kwawo ku Congo ndipo anali atakhala pa Dzaleka zaka zambiri, iye ndi ana ake. Ankagulitsa zitenje m'kasitolo kopapatiza ka njerwa zosawotcha, kokhala ndi zenera limodzi. Chichewa ankachilankhula mofulumira, mosakaniza ndi Chiswahili, ndipo akasowa mawu ankamalizitsa ndi manja.

Kuyambira tsiku limenelo Faines sankaphonya msika wa Lachiwiri, kaya ali ndi mtedza kaya alibe. Ankakhala pakabenchi ka m'sitolomo, Roza n'kumatsitsa zitenje chimodzichimodzi ngakhale ankadziwa kuti mnzakeyo sagula.

"Nsalu iliyonse mukuiona apa ili ndi mwini wake," Roza anamuuza tsiku lina. "Pali munthu anakhala pansi n'kuijambula."

Faines anali asanaganizepo zimenezo. Iye ankangoti maluwa a pachitenje amachokera m'makina. Roza anatulutsa foni n'kumuonetsa mayi wina wa kumaiko a kuzambwe kwa Afirika, amene ntchito yake inali yojambula nsalu basi. Mayiyo anali ataimirira pafupi ndi tebulo lalitali, ndipo pamwamba pake panali nsalu yapepo yokhala ndi nkhanga zofiirira ngati papaya lakupsa. Nkhanga zina zinkayang'ana kutsogolo, imodzi yokha n'kutembenukira kumbuyo.

"Nkhanga yofiira munaiona kuti?" anafunsa Faines.

"Iye anaiona m'mutu mwake. Ndiye waletsa ndani?"

Dzina la mayiyo linali lovuta kutchula, choncho ankangomuti mayi wa nkhanga. Akatulutsa nsalu yatsopano, Roza ankasunga chithunzi chake mpaka Lachiwiri, ndipo awiriwo ankakangana ngati kuti ndi wachibale wawo. Faines ankati chaka chino mayiyo wachulutsa zakuda. Roza ankati Faines sadziwa kanthu, chakudacho n'chimene chikudzutsa chikasu.

Ndi pafoni yomweyo pamene Faines anaonera koyamba chionetsero cha zofunda za zigamba. Linali holo lalikulu la kudziko la azungu, lowala ngati m'chipatala. Zofundazo anazipachika m'makoma, chilichonse ndi nyali yake, ndipo pambali pake panali kapepala ka dzina la wosoka. Anthu ankayenda pang'onopang'ono manja ali kumbuyo.

"Bwanji sakuzigwira?"

"Saloledwa. N'zongoyang'ana."

Faines anapempha kuti abwereze kanemayo. Roza anabwereza mpaka batire linatha. Pobwerera kwawo tsikulo Faines anadutsa mitsinje ndi zitunda osadziwa kuti wadutsa. M'maso mwake munali holo lija lokhalokha.

Maganizo osoka chofunda chimodzi awiri anayambitsa ndi Roza. Iye singano inkamutopetsa, koma mitundu ankaidziwa. Anayamba kusunga tizidutswa ta zitenje zabwino zimene makasitomala ankasiya akadulitsa, n'kumatiyala pansi m'sitolomo. Ankatisuntha uku ndi uku, n'kubwerera m'mbuyo mpaka pakhomo, diso limodzi atatsinzina. Akakhutira ankatibaya ndi mapini, Faines n'kupita nato kukasoka. Anayambira pakati ndi chikasu chowala, kenako mizere inayamba kuzungulira, yofiira, yapepo, yabuluu. Ntchito inkayenda pang'onopang'ono chifukwa mvula itagwa Faines ankatanganidwa kumunda, ndiponso Roza anali wovuta. Ankatha kumasulitsa mzere wonse chifukwa cha kachidutswa kamodzi.

"Tikamaliza ichi chidzapachikidwa m'holo," Roza ankatero. "Adzalemba maina awiri."

Chofundacho chitadutsa theka, Faines anafika Lachiwiri lina n'kupeza mashelefu a m'sitolo ali pululu. Roza anali atakhala pakabenchi, manja ali pamiyendo.

"Mama Faines, dzina langa latuluka. Tikupita ku Amereka, ine ndi ana."

Faines ankadziwa kuti anthu a pa Dzaleka amadikira nkhani imeneyi zaka ndi zaka, ena mpaka kumwalira asanaimve. Anaika dengu pansi n'kululutira, anthu a m'masitolo oyandikana mpaka anasuzumira. Anamukumbatira mnzakeyo, anavina naye m'kamalo kochepako. Misozi inabwera ali yekha panjira, atapitirira chigayo, ndipo anakhala pamwala mpaka itauma.

Roza ananyamuka mwezi wa Juni, kukuzizira. Anamusiyira thumba lodzaza ndi tizidutswa, osabaya mapini.

"Mumalize nokha. Maso muli nawo tsopano."

Miyezi yoyamba ankalankhulana kawirikawiri pafoni imene Tiyamike anagulira amayi ake. Roza anapeza ntchito pafakitale yodula nyama za nkhuku. Ankati kumeneko zonse n'zotuwa, nyumba, thambo ndi majekete a anthu, ndipo akavala duku lake lachikasu anthu amamutembenukira m'basi. Kenako mauthenga anayamba kuchepa. Faines akamaweruka kumunda, Roza amakhala akuthamangira kuntchito. Roza akamaweruka, kuno anthu agona kalekale.

Faines anayesa kupitiriza chofunda chija. Ankayala tinsalu pamkeka, n'kuima patali monga ankachitira Roza, koma chilichonse chimene wasankha chinkaoneka ngati chikupha chinzake. Ankabweza zonse m'thumba. Ulendo wina anapita ku Dzaleka, n'kupeza m'sitolo muja muli bambo wina wogulitsa machaja a foni ndi mababu. Bamboyo anamufunsa chimene akufuna, iye anati wasochera.

Loweruka lina madzulo, dzuwa litapendeka, foni inalira Faines akusola mtedza pakhonde. Anali Roza.

"Mama Faines, thamangani pamene pali netiweki! Ndili m'holo. Chionetsero chabwera m'tauni yathu yomwe ino!"

Faines anataya lichero, n'kukwera chitunda cha kuseri kwa zigafa za fodya, kumene foni imagwira bwino. Malizani, poona mkazi wake akuthamanga chonchija, anaganiza kuti kwagwa zovuta ndipo anamutsatira.

Nkhope ya Roza inaoneka pafoni, yonenepa pang'ono, yotopa m'maso. Kenako anatembenuza foni. Makoma anali odzaza. Faines anaona chofunda chokhala ndi nyenyezi imodzi yaikulu yamitundumitundu, china cha mabuluu okhaokha ochokera koderako mpaka kufika koyera, china chooneka ngati minda ya m'phiri munthu akaiyang'ana ali pamwamba.

"Yandikirani! Ndione misoko."

Roza anayandikira. Chithunzi chinaima, n'kusweka timabokositimabokosi, n'kubwereranso. Faines ananyamula foni m'mwamba, anasuntha, anakwera pachulu.

"Taonani ichi," Roza ananong'ona. "Mukuziona?"

M'mphepete mwa chofunda china munali nkhanga zofiirira pansalu yapepo.

"Mayi wa nkhanga!" Faines anakuwa. "Wafika mpaka kumeneko?"

"Wafika. Ndinafuna kuigwira, mayi wolondera wandiletsa."

Onse awiri anaseka, kenako foni inaduka. Faines anaimbanso kangapo koma sinalowe. Anangoima pachulupo, mphepo ya kumapiri a Ntchisi ikumuwomba kumaso, foni ili m'manja.

Malizani, amene nthawi yonseyi ankasuzumira paphewa pake, anatsokomola.

"Anthu aja analipira kuti alowe?"

"Eya."

"Kudzangoona zigamba?"

"Eya."

Malizani anayang'ana kumadambo. Potsika chitunda anati, "Komatu zanu zija sizikusiyana nazo kwenikweni." Mawa lake, atachoka ku Misa, anakhoma misomali iwiri pakhoma la m'nyumba n'kumanga chingwe, kuti Faines azipachikapo chofundacho n'kumachiona ali patali.

Chitapachikidwa, Faines anayamba kuchiona mwina. Anasiya kudzifunsa kuti Roza akanasankha chiyani. Mzere wotsatira anaika chofiirira cha dothi la katondo, kenako chobiriwira chakuda ngati masamba a mango, ndipo m'mphepete monse anazunguliza chitenje chake chakale chimene anavala paubatizo wa Tiyamike. Sankadziwa ngati Roza angavomereze. Anasoka nyengo yonse ya dzinja, masiku amene mvula yawaletsa kupita kumunda, zala mpaka zinachita zikang'a.

Chitatha, anamva kuti banja lina la pa Dzaleka, la a Abrahamu amene ankapemphera ndi Roza, nalonso dzina lawo latuluka ndipo akupita kudera lomwelo. Anakawapempha kuti amunyamulire chofundacho akapatse Roza. Mkazi wa a Abrahamu anadandaula za kulemera kwa katundu, koma atachifunyulula anatulutsa mapoto awiri m'chikwama kuti chofundacho chikwane.

Khoma la m'nyumba linatsala lopanda kanthu. Faines ankati akalowa, maso ankathamangira pomwepo. Ankawerengera m'mutu kuti pano chakwera ndege, pano chafika, pano Roza akuchionetsa kwa eni chionetsero. Ankaona anthu atayika manja kumbuyo, akuwerenga dzina lake movutikira.

Panapita milungu yambiri. Uthenga unafika m'mawa wina Faines akuchokera kumjigo. Unali wa mawu. Anatula ndowa n'kukhala pansi pa mtengo.

"Mama Faines, chafika," anatero Roza. "Chobiriwira chija mwachiika bwino. Sindikanaganiza choncho ine. Ndinakafunsa za chionetsero, akuti ndi chaka chamawa, ndipo chofunda ukapereka amachisunga kwawoko nthawi yaitali. Mama, mundikhululukire. Sindikudziwa ngati ndidzachipereke. Nditachitsegula chinamveka fungo la utsi wa nkhuni ndi mtedza. Mwana wanga wamkazi anachinunkhiza n'kuyamba kulira. Sindinachichape, ndipo sindichichapa. Ndikufunda chomwecho."

Faines anamvetsera kachiwiri, kenako kachitatu. Malizani anatulukira kuchokera kukhola, ali ndi chingwe cha mbuzi m'manja.

"Ndi anzanu aja? Ndiye achipachika?"

"Ayi. Akufunda."

"Mwakhumudwa?"

Holo lija Faines ankalifunabe, ndipo ankadziwa kuti mwina sadzalowamo, iye kapena dzina lake. Koma akaganiza za Roza atadzikulunga m'chipinda chozizira cha kutali, mtima unkamupweteka mwina, ndipo sankatha kusiyanitsa kuti chikumupweteka kwambiri n'chiti.

"Sindikudziwa, bambo a Tiyamike," anatero.

Malizani anapita ndi mbuzi zake. Faines anadina foni kuti ayankhe. Mawu onse amene anakonza anathawa, ndiye anangolankhula zimene zinabwera.

"Roza, ndamva. Fundani, n'chanu. Kuno tayamba kukumba mtedza, wabereka bwino chaka chino. Msewu wa ku Boma wakumbika ndi mvula, minibasi zikuzungulira." Anapuma pang'ono. "Mukapeza mpata mundijambulire pazenera lanu, ndione kunja kumene mumayang'ana mukadzuka."

Anatumiza. Kumeneko kunali kusanache, ndiye anadziwa kuti yankho silibwera msanga. Anaika foni m'thumba la diresi, anasenza ndowa yake, n'kulowa nayo m'nyumba.