Ntchito ya Kadona

Khanda litabadwa, Kadona, mwana woyamba m'nyumbamo, anachita nsanje yoopsa. Ankabisa matewera, ankalirira bere, ndipo tsiku lina anauza amake kuti kamunthuko akakabweze komwe anakatenga. Amake, omwe ankaima tsiku lonse kuluka anthu tsitsi ku saluni, analibe mphamvu zolimbana ndi nsanje ya mwana. Ndiye anapeza nzeru. Kadona akangofika kuchokera kusukulu ya mkaka, asanavule ndi nsapato zomwe, ntchito yake inali kupsompsona mng'ono wake pamphuno. Nzeruyo inagwiradi. Nsanje inatha, ndipo amake ankadzitama kwa makasitomala kuti kulera n'kudziwa.

Koma kusukulu ya mkaka mamina sasowa. Kadona anabwera ndi chimfine chake, n'kugwira ntchito yake mokhulupirika ngati kale. Pasanapite nthawi khanda linayamba kutsokomola, kenako linaleka kuyamwa. Likamapuma, pansi pa nthiti pankalowa m'kati, m'chifuwa mukulira ngati wezulo wakutha.

Kuchipatala analiika timapaipi ta mpweya m'mphuno, ndipo mkaka ankalipatsira m'kachubu. Amake anakhala pampando wapulasitiki mpaka msana unaiwala kuti bedi n'chiyani.

"Ndi kachilombo kotchedwa RSV," anatero namwino. "Kwa akuluakulu ndi ana okulirapo kamangokhala ngati chimfine wamba. Koma kwa khanda kamatseka tinjira ta mpweya. Tingomuthandiza kupuma, thupi lake limenye lokha. Kunyumba alipo wachimfine?"

"Mkulu wake."

"Amamuyandikira?"

Amake anayang'ana pomwe panamatidwa kapaipi, pamphuno penipeni. Mtima unawawawa.

"Musadziimbe mlandu, mayi. Kungoti wachimfine asamupsompsone kumaso, ndipo aliyense azisamba m'manja ndi sopo asanamugwire."

Khanda linachira, Mulungu ngwabwino. Anatuluka nalo litaonda, amake ataonda kuposa ilo. M'basi yonse ankakonza mawu omuuzira Kadona kuti ntchito yasintha, mawu oti asadzutse nsanje ija, poti mphamvu zoyambiranso pachiyambi analibe.

Madzulo Kadona anafika ndi bambo ake. Amake anaimirira pakati pa iye ndi bedi, okonzeka kumugwira akathamanga. Koma mwanayo sanathamange. Anaima pakhomo la kuchipinda, kachikwama kali kumsana.

Amake anamutengera kubafa, namusambitsa m'manja ndi sopo, chala ndi chala, n'kubwerera naye. Anavundukula kaphazi ka khanda.

"Tamvera, mwanawe. Ntchito yako tsopano yasamukira apa. Ukasamba m'manja, uzimupsompsona kuphazi. Tabwera."

Kadona anabisa manja ake onyowawo kumbuyo.

"Ayi, amama."

"Bwanji? Si mng'ono wako uyu?"

"Ndinamva adadi akuuza azakhali pafoni kuti ndine ndinamudwalitsa."

Bambo ake anayang'ana pansi ngati ataya singano. Amake anafuna kuwakalipira, koma ngakhale mkwiyo umafuna mphamvu. Anangokhala pansi pomwepo, nakokera Kadona pamiyendo.

"Si iwe. Ndani anakuuza kuti uzimupsompsona pamphuno?"

"Inuyo."

"Ndiye basi."

Kadona anayang'ana kaphazi kaja nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa mawu, manja akadali kumbuyo:

"Nanga za kuphazizi, amama, mukudziwadi?"